Mizinga Itatu Yotsala

Malaya a Lord Aubrey Dunmarsh ndinayamba kuwachapa eni akewo asanamere ndevu. N'chifukwa chake anthu akamandiwerengera zimene analemba pa chipilala chawo chija cha pabwalo la Port Merrin, zoti anali mkango pankhondo komanso tate wa asilikali, ine ndimangolavulira pambali n'kupitiriza ulendo ndi dengu langa. Tate wanji wodya ana ake?

Ukaputeni anachita kuwagulira bambo awo, ali kamnyamata kosadziwa ndi kumanga komwe lamba wa hatchi. Kwa anthu a magazi apamwamba zimayenda choncho. Woyamba kubadwa amatenga nyumba ndi minda, wachiwiri amamupezera tchalitchi, wachitatu amamugulira asilikali oti azisewera nawo. Lord Aubrey anali wachitatu, ndipo zidolezo tinali ife. Mantha analibe, zimenezo sindingawanamizire. Mahatchi ankafera pansi pawo, iwo osaphethira n'komwe. Koma munthu wosaopa kufa saopanso kuphetsa anzake, ndipo nthenda yawo inali imodzi yokha, yosafuna kuti wina awapose.

Ku Flanders anatidutsitsa m'dambo nyengo ya chisanu kuti afike msanga kuposa mkulu wa gulu lina. Mwamuna wanga woyamba, Silas Trott, anauma ndi kuzizira atatsamira mtengo, mfuti ili m'manja. Iwo anawakweza udindo. Ku Spain analamula anyamata kuti akwere linga la mzinda mizinga isanaliboole mokwanira, poopa kuti jenerali mnzawo angafike n'kudzagawana nawo ulemu. Wachiwiri, Jabez Hewlett, ndinamuzindikira ndi masokosi amene ndinaluka ndekha. Iwo anawapachika nyenyezi pachifuwa.

Mkazi wa msilikali alibe nthawi yolira. Mwamuna akafa phoso lako limathera pomwepo, ndipo kangodya kako ka m'balaki kotchinga ndi bulangeti amapatsa wina. Ndiye umangolola woyamba kukufunsira, nthawi zambiri pochokera kumanda komweko. A Enoch Garland anandifunsira dothi la pamanda a Jabez lisanaume ku nsapato zanga, chipewa chili m'manja, akuchita chibwibwi. Ndinawalola chifukwa cha buledi. Chikondi chinachita kubwera pambuyo, chosaitanidwa, ndipo chitabwera chinakhazikika. Anali munthu wa manja. Zopanira zovala zanga zonse anasema ndi iwo, kuseri kwa linga ankalima kabichi, ndipo ndikaweruka kochapa ankandidzola mafuta a kandulo m'ming'alu ya zala, chala chimodzichimodzi, uku akundinena kuti khungu langa likupala kuposa mwala wonolera.

Nkhondo zitatha, a Jenerali anapatsidwa chisumbu chino kuti akhale Bwanamkubwa, ife n'kutikoka nawo. A Enoch, poti miyendo inali itatopa ndi kuguba, anawaika ku mizinga ya pa linga loyang'ana kudoko. Ntchito yawo inali yoima kukamwa kwa mzinga wachiwiri, kupukuta mkati ndi chisanza chonyowa cha pamtengo, kenaka kutsendera thumba la wonga. Ndinati basi tapuma. Kuno kulibe mdani, mizinga imangolirira alendo ndi tsiku lobadwa Mfumu. Ndinaiwala kuti mdani tinakwera naye chombo chimodzi.

Nthawi yawo itatha, a Jenerali anayenera kubwerera kwawo. Bwanamkubwa akamachoka, linga limamuwombera kakhumi ndi kasanu ndi kawiri, mothamanga, kulira kwina kukugwira mchira wa kunzake. Kale zinali zosavuta, chifukwa mizinga inali yokwana ndipo uliwonse unkalira kamodzi basi. Koma mphepo yamchere inaidya, a Jenerali ali otanganidwa ndi kumanga bwalo la mpikisano wa mahatchi ndi chipinda chovinira, moti yabwino inatsala inayi yokha. Kuti inayi ikwanitse chiwerengero chonsecho mothamanga, uliwonse umayenera kudzazidwanso uli wotentha, chisanza chitangolowa kamodzi n'kutuluka. Kakhala kamodzi kakatsalira mkatimo, wonga umayaka munthu akutsendera. Mwana aliyense wa m'balaki amadziwa zimenezo. Amadziwanso kuti kuwomba modekha, kudikira mphindi yathunthu mzinga wina usanalire, n'kwa maliro.

Sajeni Mulcahy, mkulu wa anyamata a mizinga, anakadandaula kwa kaputeni. Kaputeni anauza mejala, mejala anakweza mapewa, nkhani n'kufera pamasitepe a nyumba ya Bwanamkubwa. Onsewo palibe amene amaima kukamwa kwa mzinga. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye kutatsala tsiku limodzi ndinanyamula malaya ositasita n'kukwera chitunda ndekha.

Wantchito wawo wa m'chipinda anafuna kundilandira dengu pakhomo la kuseri monga mwa masiku onse. Ndinamukankha ndi chigongono n'kulowa. A Jenerali ndinawapeza ataima pagalasi akuyesa chipewa cha nthenga zoyera, mabokosi a ulendo ali mbwee pansi.

"Aa, Mayi Trott! Mwabwera kudzatsanzika?"

Trott anali atawola kalekale ku Flanders, koma dzina limene linalowa koyamba m'mutu mwawo ndi lomwelo.

"Ndine Mayi Garland, bwana. Ndabwerera nkhani ya mizinga ya mawa."

"Mizinga? Mwayamba liti kuchapa mizinga inu?" Anaseka okha, wantchito uja n'kuwathandiza kuseka.

"Amuna anga ndi amene amaima kukamwa kwa wachiwiri. Yatsala inayi, bwana. Akamaidzaza ili yotentha…"

"Ndikudziwa," anatero, uku akuwongola nthenga imodzi ndi chala. "Ndinapita kukaiona ndekha, dzanja ili ndinalipisa mkati. Mukuganiza kuti munthu amene wanunkhiza wonga moyo wake wonse sadziwa ntchito ya kakhala?"

Apa ndiye magazi anandiwira. Njira yonse ndinkabwera ndikudzinyenga kuti mwina sakudziwa, mwina amejala awabisira. Anali akudziwa bwinobwino, kuposa ine.

"Ndiye alamuleni awombe modekha."

"Ngati maliro? Tandiyang'anani, mayi, ndikuoneka ngati mtembo ine? Mkulu wa zombo za nkhondo ali padoko ndi anthu ake onse, maso ali kuno. Amene ndinawalowa m'malo anachoka ndi khumi ndi isanu ndi iwiri yothamanga bwinobwino. Ine ndichoke ngati bokosi?"

"Kapena achepetse, uliwonse ulire kamodzi."

"Inayi? Inayi sawombera ndi kalaliki yemwe wa padoko! Mvetsani, Mayi Trott, sakuwombera ine ayi, akuwombera Mfumu imene ndikuiimirira. Zikanakhala za ine ndekha, bwenzi nditachoka mwakachetechete."

"Bodza limenelo, bwana," ndinatero. "Mwandidyera amuna awiri. Uyu yekha ndisiyireni."

Wantchito uja anagwira pakamwa. Akanandikalipira bwenzi zili bwino, akananditulutsa ndi asilikali bwenzi ndikuti mawu anga awalasa. Koma anangondiyang'ana mwachifundo, mmene ankayang'anira galu wawo wosaka atakalamba.

"Ndikhulupirira onsewo anali asilikali abwino. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, mayi." Anawerama n'kutola magolovesi a chikopa choyera pa mulu wa zinthu zosiya. "Tengani awa mukawapatse bambo akunyumba. Ngabwino, ndangowavala kawiri. Azindikumbukira."

Ndinatuluka nawo magolovesiwo m'manja. Ndikutsika chitunda ndinatukwana iwo, bambo awo amene anawagulira lupanga, ndi tsekwe amene anathotholedwa nthenga zija.

A Enoch ndinawapeza m'chisakasa changa chochapira, atakhala pabenchi akusenda mbatatesi. Sindinawapatse moni. Ndinaika nsimbi pamoto n'kuidikira mpaka malovu atayamba kudumphapo.

"Bweretsani dzanja."

"La chiyani?"

"Ndikuwotcheni. Pachikhatho pokha. Adokotala akaona anena kuti simungagwire mtengo mawa."

"Keziah, mutu ukuyenda bwino? Wodzivulaza dala amam'mangirira pabwalo n'kumukwapula mpaka nthiti zionekere. Waiwala?"

"Msana umapola. Ndatsuka misana yambiri ine."

"Nanga ndikapanda kuima ine, aima ndani? Si Hosea Pike? Ana anayi, wachisanu ali m'njira, ndiponso manja ake amanjenjemera akapanda kulawa mowa wa ramu."

"Hosea si wanga! Phukusi la moyo umasunga wekha, bambo inu!"

Ndinawalumphira nayo nsimbiyo, sindinkasewera. Anandigwira mkono m'malere, nsimbi n'kugwera pathabwa, kununkha kupserera. Anali ndi mphamvu munthu uja. Anandigwira choncho mpaka ndinasiya kuphiriphitha, iwo akuseka.

"Nkhalamba iwe, ukufuna kundisita ngati malaya a Bwanamkubwa?"

"Chitsiru cha munthu! Mukufera chipewa cha nthenga!"

"Palibe amene akufa pano. Ndapukuta mizinga zaka zonsezi, sindinatayepo ndi chikhadabo chomwe. Komanso bwana aja ulemu wawo awapatse ndithu. Ku Spain suja anali patsogolo penipeni, zipolopolo zikuwaboola chikhoto? Ine ndinaona ndi maso angawa."

"Jabez nayenso anaona."

A Enoch anaona magolovesi aja m'dengu, n'kuyesa kuvala limodzi. Zala zawo zinakana kulowa, linangothera pakati, koma anakweza dzanja n'kumalipinda ngati akupereka moni kwa khamu.

"Taona, ndakhala lodi ngati bwana aja! Undisungire, ndizivala Lamulungu."

Anawalowetsa m'thumba la epuloni yanga n'kubwerera ku mbatatesi zawo. Ndinawada tsiku limenelo, ndipo ndinawagwira malaya osawataya mpaka lipenga la m'mawa.

Tauni yonse inatsikira kudoko. Kunali gulu la malipenga ndi ng'oma, ana a sukulu ndi maluwa, amalonda atavala za kutchalitchi. Akazi a m'balakife tinaima patsinde pa linga, pomwe tinkatha kuona misana ya amuna athu pamwamba ndi doko lonse kumunsi. Boti lalikulu linachoka pagombe kulunjika kuchombo, opalasa atavala zoyera, a Jenerali ataimirira kumbuyo kwake, nthenga zikupepeluka. Mulcahy anakuwa, woyamba unalira, nthaka n'kugwedezeka.

Ulendo woyamba unayenda bwino, poti inayi yonse inali yodzazidwa kale. Kuyambira pamenepo kunali kuthamanga. Ndinkaona a Enoch akulowa mu utsi ndi kutulukamo, chisanza lowu, tulu, thumba la wonga, mtengo, kudumphira kumbuyo. Mkazi wa Hosea anandigwira dzanja, tonse tikuwerenga chamumtima milomo ikugwedera. Itakwana khumi utsi unali utaphimba linga moti amuna ankangooneka ngati zithunzithunzi. Itakwana khumi ndi iwiri ndinayamba kukhulupirira kuti mwina Mulungu wandimvera. Inalira kakhumi ndi katatu. Kenaka, nthawi yake isanakwane, mpweya usanabwerere m'chifuwa, kunalira kwina, ndipo mtengo wotsendera unauluka kuchokera mu utsi, ukuzungulira m'malere, n'kukagwera m'nyanja. Aliyense padoko anauona.

Masitepe a linga sindikumbuka kuti ndinawakwera bwanji. A Enoch ndinawapeza atawagoneka chagada pafupi ndi mzinga wawo. Manja onse awiri anali atapita ndi mtengo uja. Nkhope inali bii ndi wonga, maso atapsa, ndipo Mulcahy ndi Hosea ankamanga zotsalazo ndi malamba awo, magazi osamva. Chipewa chokha chinali chikadali kumutu, chifukwa cha lamba wa pachibwano. Ndinakhala pansi n'kuika mutu wawo pamiyendo panga.

"Ndafika, a Enoch. Ndine."

Milomo inagwedera, koma mawu sanatuluke.

Utsi utayera ndinayang'ana kudoko. Boti lija linali litaima pakati pa madzi, nkhafi zili m'mwamba. A Jenerali anali chiimire, dzanja lili pachipewa, akudikira. Munthu amene anapisa dzanja mumzinga, amene anauona mtengo ukuuluka ndipo ankadziwa tanthauzo lake kuposa wina aliyense pachisumbu pano, anaimitsa boti n'kumadikira. Kaboti kakang'ono koperekeza kanapatuka kubwerera kugombe, ndipo posakhalitsa Kaputeni Fanshawe, mthandizi wawo, anatulukira pamasitepe ali wefuwefu, lupanga likumumenya m'miyendo.

"Sajeni! Bwanamkubwa awerenga khumi ndi inayi. Akufunsa itatu yotsala."

Anawerengera ndi umene unadya amuna anga womwe.

Fanshawe ataona chimene chinali pamiyendo panga, nkhope inamuyera ngati nsalu yoviika mu sitachi. Koma mawu sanawabweze. Ndinapisa m'thumba la epuloni, n'kutulutsa magolovesi aja, n'kumuponyera pachifuwa.

"Kawabwezereni. Muwauze kuti mwini wake alibe powavala."

Mulcahy anadzuka pang'onopang'ono, akupukutira manja kuthalauza. Anali munthu wa ku Ireland wolongolola, wotukwana ndi popemphera pomwe, koma tsiku limenelo mawu ake anali otsika.

"Itatu, bwana? Ailandira. Anyamata, wachitatu ndi wodzaza kale. Womba!"

Unalira. Kenaka kunali zii. Anyamata anaima pa wachinayi, chingwe cha moto chili m'manja, maso ali pa sajeni. Sajeni anali kuyang'ana nyanja, manja kumbuyo.

"Sajeni, wombani!" anatero Fanshawe.

"Tikupukuta, bwana."

"Wachinayi ndi wopukuta kale! Mukudziwa tanthauzo la zimene mukuchitazi? Akuthotholani mizere yonse ya pamkonoyo!"

"Ndikudziwa, bwana. Dikirani pang'ono, mphindi sinakwane."

Itakwana mphindi yathunthu anagwetsa dzanja, wachinayi n'kulira wokhawokha, kulira kwake n'kukamveka mpaka kumapiri. Amalinyero samafunsa, khutu lawo limadziwa lokha. Pachombo chachikulu cha nkhondo mbendera inayamba kutsika n'kuima pakati pa mlongoti. Chombo chinzake chinatsatira, kenaka cha amalonda, kenaka doko lonse. Malipenga anasiya. Kutauni wina anathamangira kutchalitchi n'kuyamba kuliza belu limodzilimodzi, ndipo amuna pagombe anavula zipewa. Pakati pa zonsezo panali Lord Aubrey Dunmarsh, wamoyo, wonenepa, ataimirira m'boti lake, dzanja likadali pa nthenga, chisumbu chonse chikumulira maliro. Ndinafuna kuseka, ndipo ndikanaseka ndithu.

"Keziah."

Ndinawerama mpaka khutu langa linakhudza milomo ya a Enoch.

"Imeneyo… ndi yodekha. Wafa ndani?"

"A Jenerali," ndinatero. Ndinanena ndi mtima wanga wonse, ndikuganiza kuti ndikuwapatsa kanthu kokoma koti apite nako.

Chifuwa chinakoka movutika.

"Ayii… Lord Aubrey? Munthu wolimba mtima uja." Anayesa kudzutsa phewa. "Ndivule chipewa, mkazi wanga."

"Sindivula."

"Ndivule, Keziah. Manja angawa sindikuwamva."

Ndinafuna kukuwa kuti doko lonse limve. Ndinafuna kuwagwedeza, kuwauza kuti munthu wanuyo ali moyo, ali apo akuwerenga, ndipo sakudziwa ndi dzina lanu lomwe. Koma anali akuyesabe kudzutsa phewa lija, ndipo magazi ankatuluka kwambiri akamatero. Ndinamasula lamba wa pachibwano n'kuwavula chipewacho, n'kuchiika pachifuwa pawo.

"Eya," anatero.

Womaliza unalira chipewa chili pomwepo. Iwo sanaumve.

Boti linapitiriza ulendo, chiwerengero chitakwana. Mulcahy anam'thothola mizere sabata yomweyo. A Jenerali anakafika kwawo bwino, anawawonjezera nyenyezi ina, ndipo anafera pabedi la nthenga ali nkhalamba yopanda mano. Amalonda a kuno ndiwo anasonkherana n'kumanga chipilala chija.

Pochokera kumanda, kopolo wina wa ndevu zofiira anandiyandikira, chipewa chili m'manja. Ndinamuuza kuti asatsekule n'komwe pakamwa, asilikali andikwana. Phoso anandidula tsiku lomwelo, kangodya kanga n'kupatsa wina, ndipo kuyambira pamenepo ndimachapira amalinyero kuseri kwa msika wa nsomba, ndi zopanira zomwe zija. Chipewa cha a Enoch chili pamsomali pamwamba pa bedi langa. Ndimachiyang'ana m'mawa uliwonse, ndipo mtima umandipsabe ngati dzulo, koma mpaka lero sindidziwa amene ndinamukwiyira kwambiri, amene anawaphetsa uja kapena iwo amene anafa akumuvulira chipewa.